Intaneti ya 4G yodukaduka ku Matawale

Rauta imaonetsa timizere tonse ta mphamvu ya netiweki koma intaneti imangodukaduka. Timizereto musamatikhulupirire. Patsamba la rautayo RSRP (muyeso wa mphamvu ya netiweki yomwe ikufika) inali -92 dBm, yabwino ndithu, koma SINR (muyeso wa mphamvuyo poyerekeza ndi zoisokoneza) inali 2 dB yokha. Ndiye kuti mphamvu inalipo, vuto linali kusokonezana ndi matawala ena a fulikwensi yomweyo.

Ndinamangirira antena yoloza mbali imodzi papaipi ya mamita 6, pamwamba pa malata, n'kumaitembenuza pang'onopang'ono, ndikudikira masekondi 30 kuti manambala akhazikike. SINR inafika 14 dB.

Chingwe ndinachifupikitsa kuchoka pa mamita 15 kufika pa 5, chifukwa chingwe chamtunduwu, cha RG58, chimadya mphamvu yoposa theka la dB pa mita iliyonse pa fulikwensi ya 1800 MHz. Polumikizira ndinakulungapo tepi kuti mvula ya ku Zomba kuno isalowe.