Jik ndi burashi ya waya zikufafaniza mayina pa ziliza zakale

M'chilimwe chino, pamene anthu akhala akulambula manda atatha kukolola, ndaona ziliza zingapo zitayera mbee, koma ukapititsapo chala mwala ukuyoyoka ngati ufa. Chachititsa ndi chizolowezi chothira Jik ndi kukwecha ndi burashi ya waya, ndipo zikundiwawa kuti chaka ndi chaka timachenjeza za chinthu chomwechi koma anthu sakusiya.

Mwala ndiponso simenti zili ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Jik amalowa m'timabowoto, ndipo akauma amasiyamo mchere umene umang'amba mwalawo kuchokera mkati, kotero kuti chiliza chimene chinali cholimba chimayamba kusupuka pang'onopang'ono. Waya nawo umapala pamwamba pa mwala, tizidutswa take timatsalira n'kuchita dzimbiri, ndipo ndere zimene munthu amalimbana nazo zimamera msanga pamalo okalikawo kuposa kale. Zoyamba kutha ndi zilembo.

Mlimi wina anandiperekeza pa chiliza cha agogo ake, chimene wakhala akuchikwecha chotero chaka chilichonse pofuna kuwalemekeza. Pa chaka chimene anamwalira patsala 19 yekha, ndipo m'banjamo mulibenso wamkulu wokumbukira manambala enawo.

Nkhawa yanga yakula ndikaganiza za manda onga a ku Cape Maclear, mkati mwa Lake Malawi National Park, kumene kunagona amishoni a Livingstonia. Iwo anafika kumeneko mu 1875, malungo anawasautsa mpaka anasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mmodzi wa otsala m'mandamo ndi Dr William Black amene anamwalira mu 1877. Mlendo mmodzi wamtima wabwino atafika pamalo otere ndi botolo la Jik, angawononge tsiku limodzi zolemba zimene zapirira mvula ndi dzuwa zaka zonsezi.

Chofunika ndi madzi oyera ndi burashi yofewa ya pulasitiki basi. Nyowetsani mwala wonse, tsukani kuyambira pansi kukwera m'mwamba, ndipo muzitsukuluza pafupipafupi. Chiliza chimene chayamba kale kung'aluka musachikhudze, ingochijambulani ndi kulemba mawu ake m'kope. M'paki musayambe ntchitoyi osapempha chilolezo kwa oyang'anira, monganso kumudzi simulowa kumanda amfumu asanavomere.