Magetsi akabwera, yambani mwaona disiki ya seva yanu

Anzanga amene muli ndi seva (kompyuta yosunga mafayilo ndi kutumikira zipangizo zina) kunyumba, magetsi akazima n'kubweranso, lembani kaye lamulo la `df -h` pa sevayo muone ngati disiki yosungira mafayilo yalumikizika. Ikapanda kulumikizika, makontena a Docker (mapulogalamu oyenda paokhapaokha mkati mwa Docker, pulogalamu yowayendetsa) amangopitiriza ntchito, kumalemba mufoda yopanda kanthu pa disiki yaikulu, imene kompyuta imayakira, mpaka kuidzaza. Inu mtima uli m'mwamba kuti zithunzi zanu zatayika, pomwe zilipo bwinobwino. Imitsani makontenawo, lumikizani disikiyo, kenako muwayatsenso.

Mu /etc/fstab, fayilo youza kompyuta madisiki oti ilumikize ikamayaka, lembani disikiyo ndi UUID yake (nambala yoizindikiritsa), imene lamulo la `blkid` likuonetseni, chifukwa dzina ngati /dev/sdb limatha kusintha kompyuta ikayakanso.

Ndipo chonde, musathamangire `docker system prune --volumes`, lamulo lofufuta zinthu za Docker zimene sizikugwiritsidwa ntchito, pofuna malo. Zimene lamuloli lafufuta sizibwereranso ayi.