Musanawakweze ndege amayi, werengani timalemba ta inshuwalansi

Mchemwali wanga atachira ku Leeds, ku UK, anatumiza uthenga kuti amayi apite akamuthandize kulera khanda. Ife otsala kuno ku Lilongwe tinathamanga ndi za viza ndi tikiti, koma inshuwalansi ya paulendo, yolipira chipatala munthu akadwala, tinaikumbukira kutatsala masiku atatu, n'kungotola yotchipa. Usiku nditakhala pansi kuwerenga timalemba ting'onoting'ono ta kumapeto, ndinapeza kuti BP ndi shuga, matenda amene amayi akhala nawo zaka zambiri, kampaniyo siilipira. Tinali titagula ambulera yobooka pakati penipeni.

Mawu oti muwasake pa pepalalo ndi akuti pre-existing conditions. Apa akunena nthenda iliyonse imene munthu anali nayo kale, kapena imene ankamwera mankhwala, asanagule inshuwalansi: BP, shuga, mphumu, mtima, HIV. Msampha uli pa matenda obadwa kuchokera ku nthendayo. Munthu wa BP akachita sitiroko ali kunja, kampani ikhoza kunena kuti gwero lake ndi BP yomweyo, bilu yonse n'kukugwerani inuyo amene munawaitana.

Tikudzaza fomu ya inshuwalansi yachiwiri ndinawafunsa: "Amayi, pa BP apa tichonge?" Iwo anati, "Iyayi mwanangu, ine ndikumwa mankhwala, ndili bwinobwino." Komatu kumwa mankhwalako ndiye umboni woti nthenda ilipo. Makolo athu sakonda kutchula matenda, ndipo ife ana timaopa kuti mtengo ukwera. Umakweradi. Koma zinthu zikavuta, kampani imaitanitsa mbiri ya wodwala kwa dokotala, ndipo kabuku ka kuchipatala kaja sikabisa kanthu. Akapeza kuti munabisa, akhoza kukana kulipira. Tengani kabukuko, mukopere zonse, ndi mayina a mankhwala omwe.

Mufunsenso kuti akuvomera nthendayo pa mfundo zotani. Ena amafuna kuti ikhale itakhazikika kwa miyezi ingapo, moti ngati dokotala anasintha mapiritsi mwezi watha, mwagwa nayo. Ena amalipira pokhapokha yabuka mwadzidzidzi, ndipo ndalama yake imachepa munthu akamakalamba. Yankho la pafoni silithandiza, akulembereni.

Mayiko amasiyana. Viza ya Schengen, yolowera mayiko ambiri a ku Ulaya, imafuna inshuwalansi yosachepera mayuro 30,000, ndipo Super Visa ya ku Canada, ya makolo ndi agogo, imafuna ya madola 100,000 a kumeneko ya chaka chathunthu. Kukwanitsa zimenezi kumangokupezetsani viza, sikutanthauza kuti shuga walowamo. Ku UK mlendo sakakamizidwa kugula inshuwalansi, n'chifukwa ambiri amagona tulo. Koma akagonekedwa m'chipatala cha boma cha NHS amamulipiritsa mtengo wake kuwonjezapo theka, ndipo ngongole ya mapaundi 500 kapena kuposa ikhoza kumumanitsa viza ulendo wina.

Inu amene mwakhazikika kunjako, inshuwalansi ya paulendo si yokhalira. Ku UK, wa viza yopitirira miyezi 6 amalipira ndalama ya zaumoyo yotchedwa Immigration Health Surcharge, imene mu February 2024 inakwera kufika mapaundi 1,035 pachaka, ophunzira ndi ana 776, ndipo NHS imamuthandiza ngakhale pa matenda amene anabwera nawo. Ku Joni, medical aid siingakukaneni chifukwa chodwala, koma lamulo limailola kukudikiritsani miyezi 3 pa zonse, ndi miyezi 12 pa nthenda imene munalowa nayo. Amene muli pa MASM, pitani ku ofesi mukafunse ngati khadi lanu limagwira m'dziko limene mukupitalo. Nanunso okhala kunja, pobwera kumudzi kutchuthi, funsani ngati inshuwalansi yanu imafika ku Malawi.

Pali mzere wina umene sitikonda kuuwerenga, wa kubweza wodwala kapena thupi kumudzi. Tonse taonapo mauthenga a chopereka m'magulu a WhatsApp, abale akudikira ku Kamuzu International Airport sabata ndi sabata ndalama zisanakwane. Onetsetsani kuti mzerewo ulipo, komanso kuti umagwira ntchito ngakhale imfa itachokera ku nthenda yakaleyo.

Amayi tinawagulira inshuwalansi ina, yodula kuposa yoyamba ija. Mankhwala a ulendo wonse, ndi ena apadera, tinawaika m'chikwama cha m'manja ali m'mabokosi ake, pamodzi ndi kalata ya dokotala m'Chingerezi. Nambala ya kampani yoimba usana ndi usiku ndinailemba pa kapepala, iwo n'kukamanga pa nsonga ya chitenje, pamene amasunga ndalama ya minibasi.