Mmene mungatetezere banja lanu ku mankhwala a ziweto

M'nyumba zambiri zoweta mbuzi, nkhumba kapena ng'ombe simusowa botolo la jakisoni wa ziweto, mankhwala a njoka za m'mimba ndiponso kachigubu ka mankhwala a dibi. Chipatala chikakhala kutali, mwana n'kugwidwa mphere kapena nsabwe, ena amaganiza kuti zomwe zachiza mbuzi zingachizenso munthu, makamaka akaona kuti dzina lolembedwa pabotolo ndi lomwelo amalimva kuchipatala. Maganizo amenewa ndi oopsa, ndipo choyamba kuchita ndi kumvetsa chifukwa chake.

Titenge ivermectin, mankhwala ophera njoka za m'mimba ndi tizilombo tina ta m'thupi. Mankhwalawa anayamba kugwiritsidwa ntchito pa ziweto mu 1981, ndipo kuyambira mu 1987 mapiritsi ake a anthu, otchedwa Mectizan, akhala akugawidwa ulere polimbana ndi matenda oyabwitsa thupi ndi kuwononga maso, amene amafala ndi tintchentche takuda ta m'mitsinje yothamanga. Anthu a ku Thyolo ndi ku Mwanza amawadziwa bwino. Wogawa amayamba wayeza msinkhu wa munthu ndi ndodo yolembedwa, kenako n'kumuwerengera mapiritsi a 3 mg, osaposa anayi kwa wamkulu, ndipo amayi oyembekezera ndi ana aang'ono kwambiri sapatsidwa. Koma jakisoni wa ng'ombe wolembedwa 1% amakhala ndi 10 mg mu mililita imodzi, choncho sipuni yaing'ono ya tiyi imanyamula mlingo wa ng'ombe ya makilogalamu 250, womwe ndi woposa mapiritsi 16 a munthu. Wodutsitsa mlingo amasanza, amachita chizungulire, amasokonezeka mutu, ndipo ena amakomoka. Zoterezi zinachitika nthawi ya Covid-19 ku America ndi ku South Africa, kumene anthu ankagula ivermectin wa ziweto ngakhale kuti bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu March 2021 kuti mankhwalawa asaperekedwe kwa odwala Covid-19 kupatula pa kafukufuku.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi zosakanizamo. Mankhwala ena a njoka za m'mimba za ziweto amakhala ndi closantel, amene amawononga mitsempha ya maso mpaka munthu kusiya kuona, nthawi zina kwa moyo wake wonse. Dzina lalikulu pabotolo likhoza kukhala lodziwika, pomwe chiphecho chalembedwa m'zilembo zing'onozing'ono m'munsi.

Mukagula mankhwala a ziweto, asungeni m'botolo lomwe anabweramo, chizindikiro chake chisamatuke, ndipo muwatsekere pamwamba, kutali ndi ufa, mchere ndi mankhwala a anthu. Musathire mankhwala a dibi m'botolo la chakumwa, ngakhale mnansi atabwera kudzapempha pang'ono, chifukwa mwana waludzu amakhulupirira botolo lomwe amalidziwa. Chigubu chotha musachisandutse chotungira madzi kapena chosungira mafuta ophikira. Chitsukeni kutali ndi chitsime, muchiboole, kenako mufunse alangizi a ziweto za katayidwe kake. Popopera ziweto valani zophimba manja, mphuno ndi pakamwa, musadye kapena kusuta fodya, ndipo mukamaliza sambani ndi sopo. Mankhwala ophera nkhupakupa asapakidwe m'mutu mwa mwana pofuna kupha nsabwe, popeza amalowa m'thupi kudzera pakhungu. Mphere ndi nsabwe zili ndi mankhwala ake kuchipatala ndi kumafamase.

Ngozi ikachitika, musadikire kuti muone ngati munthuyo adwale. Ngati mankhwala atayikira pathupi, muvuleni zovala zonyowazo ndi kumusambitsa ndi madzi ambiri ndi sopo, ndipo ngati alowa m'maso, thirani madzi oyera kwa mphindi zosachepera 15. Ngati wamwa, musamusanzitse ndipo musamumwetse mkaka, mafuta kapena madzi amchere, ngakhale achibale akakamize bwanji, chifukwa mankhwala ambiri a dibi amasungunulidwa m'mafuta amene akalowa m'mapapo posanza amabweretsa vuto lina lalikulu. Wokomoka agonekedwe chammbali kuti asatsamwe. Thamangirani naye kuchipatala mutanyamula botololo, pakuti dokotala amasankha chithandizo potengera zomwe zalembedwapo: munthu amene wamwa mankhwala a dibi a gulu la organophosphate, amene amachuchitsa dovu ndi thukuta komanso kubanikitsa, sathandizidwa mofanana ndi amene wamwa mankhwala enanso a dibi otchedwa amitraz, amene amagonetsa munthu ndi kuchedwetsa kugunda kwa mtima. Nenani zoona za kuchuluka kwa zomwe wamwa ndi nthawi yake, ngakhale zikhale zochititsa manyazi.

Pali njira inanso imene mankhwalawa amatifikira, ndiyo kudzera m'mbale. Chiweto chikabayidwa jakisoni ngati oxytetracycline, pabotolo pamalembedwa masiku oyenera kudutsa nyama kapena mkaka wake zisanadyedwe. Lembani tsiku lobaya pakhoma la khola, ndipo mbuzi ikafa masikuwo asanakwane, ikwiriridwe mozama m'malo moigawa kapena kukaigulitsa kwa ootcha kanyenya.