Lembani Tsamba Nthawi Yomweyo Pamene Mukuwerenga

Kwa ophunzira a m'dipatimenti ya Chingelezi pa yunivesite, nthawi yambiri imatayika tsiku lopereka nkhani litayandikira, pofufuza m'buku mawu amene munawawerenga milungu ingapo yapitayo koma tsamba lake mwaliiwala. Ine vutoli linandithera nditayamba kusunga kope lapadera la buku lililonse limene tikuphunzira.

Patsamba loyamba la kopelo lembani dzina la wolemba, mutu wa buku, kampani yosindikiza ndi chaka. Mukakumana ndi mawu okugwirani mtima, akopereni ndendende momwe alili, ikani nambala ya tsamba pambali pake, ndipo pansi pake lembani maganizo anu ndi cholembera cha mtundu wina, kuti mawu a wolemba asadzasakanikirane ndi anu, pakuti umu ndi momwe ambiri amagwera m'mlandu wakuba mawu a ena mosadziwa. Pa ndakatulo lembani nambala ya mzere, ndipo pa sewero lembani gawo ndi kachigawo kake.

Kalembedwe ka MLA kosonyezera komwe mwatenga mawu a ena, kamene madipatimenti ambiri a Chingelezi amatsatira, kamafuna dzina la wolemba ndi tsamba, ndipo buku limodzi likasindikizidwa ndi makampani osiyana masamba ake safanana.