Momwe mungasankhire makina ometera ndevu osakwera mtengo kuno ku Harare

Mwana wa mchemwali wanga anapeza ntchito ya ulonda ku Msasa, ndipo kumeneko amafuna munthu afike m'mawa uliwonse ali wometa bwino. Sabata yoyamba ankapita kwa ometa pafupi ndi kwawo ku Mufakose, dola imodzi ulendo uliwonse. Atawona kuti ndalama ikuthera kumeneko anagula malezala, ndipo pasanathe masiku khumi khosi lonse linali tiziphuphu tokhatokha, kolala ya yunifomu ikamukhudza ankachita tsinya. Ndiye anabwera kwathu n'kufunsa kuti, "Amalume, makina abwino oti ndingakwanitse ndi ati?" Loweruka lake tinakwera kombi kupita m'tauni. Zimene tinayang'ana tsiku limenelo ndazilemba pano motsatana, kuti nanunso mukapita mukadziwe poyambira.

Choyamba, yang'anani ndevu zanu musanayang'ane shopu

Ambiri amayamba ndi kufunsa mtengo. Ine ndikuti yambani pagalasi. Ndevu za ambiri a ife ndi zopotana, ndipo tsitsi lopotana likadulidwa mpaka pansi penipeni, nsonga yake imakhala yakuthwa. Pomera, m'malo motuluka molunjika, limapindika n'kubaya khungu, kapena limamera chammbali mkati mwa khungu momwemo. Thupi limalitenga ngati minga yalowa, pamalopo pamatupa, pamayabwa, nthawi zina pamachita mafinya, ndipo pakapola pamatsala kadontho kakuda. Tiziphuphu ta pakhosi timayamba choncho. Si uve ayi, monga ena amanenera, ndipo sopo wodula sathetsa vutoli.

Choncho dzifunseni moona mtima: kodi lezala imakutulutsani tiziphuphu? Ngati yankho ndi inde, makina ometa mosalala kwambiri si anu, ngakhale bokosi lake likongole chotani. Inu mukufunika makina osiya kachiputu kakang'ono, kosafika ngakhale milimita imodzi, koti munthu ataima patali amaona ngati mwameta mpala koma tsitsi silinabwerere pansi pa khungu. Ngati khungu lanu silivuta, muli ndi mwayi wosankha mtundu uliwonse.

Chachiwiri, dziwani mitundu itatu imene mukaipeze

Mtundu woyamba ndi wa timitu tozungulira, masiku ano nthawi zambiri titatu, umene Philips anayamba kupanga mu 1939 uli ndi kamutu kamodzi. Timipeni take timazungulira pansi pa timagudumu tokhala ndi timipata, ndipo pometa mumayendetsa dzanja mozungulira. Amatsatira bwino chibwano ndi nsagwada, sasokosa kwambiri, ndipo amapirira ngati mwadumphitsa tsiku limodzi kapena awiri.

Mtundu wachiwiri uli ndi kachitsulo kopyapyala ngati kasefa, kodzaza timabowo, ndipo pansi pake timipeni timathamanga uku ndi uku. M'mashopu amati foil. Braun, Panasonic ndi Remington amapanga otere. Ndi amene ometa ena amamalizira nawo kuti pachibwano paterere. Amameta pafupi kwambiri, koma amafuna ndevu zazifupi zedi, za tsiku limodzi. Tsitsi lopotana lomwe lagona pakhungu silimalowa msanga m'timabowo tija, ndiye munthu amabwereza malo amodzi kambirimbiri mpaka khungu kutentha.

Mtundu wachitatu ndi timakina tating'ono ta mano, tofanana ndi makina a kwa ometa koma tochepa, timene ometa amadulira mzere wa pamphumi. Wahl ndi Andis ndi mayina odziwika, ndipo m'tauni mwadzaza a Kemei ndi VGR ochokera ku China pamtengo wotsika. Amenewa samameta mpaka kuterera, amasiya kachiputu kaja. Kwa munthu wa tiziphuphu, apa ndi pamene ndimamulozera, ndipo ndi amene tinagulira mphwanga uja. Ubwino wina ndi wakuti makina omwewo mumawongolera nawo ndevu za pamlomo ndi m'mbali mwa mutu, masiku opita kwa ometa n'kutalikirana.

Palinso Philips OneBlade, yomwe ili pakati pa lezala ndi makina. Imameta bwino osafika pansi kwenikweni, koma kampeni kake eni ake amati kasinthidwe pakatha miyezi inayi, ndipo ndalama imathera pamenepo. Musanaigule funsani mtengo wa kampeniko.

Chachitatu, ganizirani za magetsi athu

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama. Tonse tikukumbukira 2019 pamene magetsi ankazima mpaka maola 18 pa tsiku, ndi kumapeto kwa 2022 madzi atachepa ku Kariba, damu lopangira magetsi. Ngakhale masiku amene zinthu zili bwinoko, nthawi imene mukufuna kumeta, m'mawa kusanache, ndi nthawi yomwe magetsi a ZESA amakonda kukhala atachoka. Makina oyendera chingwe chokha ndi amphamvu ndipo amakhalitsa, koma m'nyumba yopanda sola angokhala m'dirowa. Gulani a batire.

Mabatire ake ndi amitundu iwiri, ndipo zimalembedwa pabokosi kapena pansi pa makinawo. Olembedwa NiMH ndi akale, ambiri amafuna maola asanu ndi atatu kuti adzaze, n'kugwira ntchito mphindi 40 kapena kupitirira pang'ono. Ngati magetsi kwanu amabwera pakati pa usiku n'kuchoka mbandakucha, batire lotere silidzadzaza bwino. Olembedwa Li-ion ambiri amadzaza pa ola limodzi kapena awiri, ndipo mphamvu yake sitsika pang'onopang'ono mukumeta. Zimenezi n'zofunika kuposa mmene zikumvekera: batire likafooka timipeni timayenda mwaulesi, ndipo m'malo modula timazula. Kupweteka kumene anthu amadandaula nako pa makina otchipa nthawi zambiri gwero lake ndi limeneli.

Kenako yang'anani potchajira. Ngati pali polowetsa USB, makamaka USB-C yofanana ndi ya mafoni atsopano, mwapeza chinthu chabwino. Mungatchaje pa power bank, pa kasola ka panyumba, pa laputopu kuntchito, ndipo chingwe chikatayika mupeza china pamsika uliwonse. Makina okhala ndi tchaja yakeyake ya kamwa lachilendo, tsiku limene tchajayo idzapse ndi kubwera kwa magetsi mwamphamvu, mudzayendayenda m'tauni monse kuisaka.

Dziwaninso ichi: makina ambiri ololedwa kunyowa sayaka ali pamagetsi. Anawapanga dala choncho kuti munthu asagwidwe ndi magetsi kubafa. Ndiye musadalire kuti batire likatha mungolumikiza chingwe n'kupitiriza. Funsani wogulitsa, kapena yesani pomwepo.

Abale amene mumalandira katundu kuchokera kunja, tcherani khutu. Magetsi a kuno ndi a 220 mpaka 240V. A ku America ndi 120V. Makina a chingwe ogulidwa ku America mukawalumikiza kuno amapsa. Werengani timalemba ta patchaja: pakalembedwa 100–240V, palibe vuto. Katundu wa ku Musina kapena Johannesburg ku South Africa magetsi ake ndi ofanana ndi athu, kungoti pulagi imatha kukhala ya mano atatu akuluakulu obulungira kapena awiri ang'onoang'ono, pomwe masoketi ambiri kuno ndi a mano atatu aphwatalala. Gulani adaputa. Chizolowezi cholowetsa kamtengo kapena kiyi m'soketi kuti pulagi ya mano awiri ilowe chisiyeni, makamaka m'nyumba ya ana.

Chachinayi, funsani za mutu wosinthira

Timipeni timabuntha. Philips amanena kuti timitu tawo tozungulira tisinthidwe pakatha zaka ziwiri, Braun amati miyezi 18. Ndevu zokhakhala zimabunthitsa msanga kuposa pamenepo. Funso loti mufunse musanatulutse ndalama ndi lakuti, "Mutu wake mumagulitsa? Ndi zingati?" Wogulitsa akakuonetsani mutuwo m'manja, ndi bwino. Akati "uzabwera", dziwani kuti mukugula makina oti mutu ukatha mudzataya onse. Zimenezo si zolakwika ngati mtengo wake ndi wochepa ndipo mukudziwa chimene mukuchita. Timakina ta mano tili ndi ubwino pano, chifukwa mano ake amamasulidwa ndi sikuludiraiva, ndipo ometa ambiri amadziwa kumene amanoletsa kapena kugula ena.

Chachisanu, m'shopu momwemo

Malo ogula ndi ambiri: mashopu a ku Gulf Complex ndi timashopu ta kumunsi kwa tauni, masitolo akuluakulu a ku Joina City, Eastgate kapena Westgate, mafamase ena, ndi ogulitsa pa Facebook ndi WhatsApp. Kumunsi kwa tauni mitengo ndi yotsika ndipo mumanenerera, koma maso akhale anu. Kumasitolo akuluakulu mulipira zambiri, koma lisiti ndi galanti zimakhala zenizeni.

Kulikonse kumene mwasankha, musagule bokosi lotseka. Auzeni atsegule ndi kuyatsa. Mverani kulira kwake: kukhale kofanana, kosadukiza, kopanda kugwedera kwa zinthu mkati. Yesani patsitsi la pamkono wanu. Likadulidwa osamva kukoka, ali bwino. Likakokedwa ngakhale kamodzi, bwezani, chifukwa ndevu ndi zolimba kuposa tsitsi la pamkono. Asiyeni akulira kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako gwirani chitsulo chake kuti mumve ngati chatentha. Pa makina a mano, yang'anani chammbali: mano oyenda akhale kumbuyo pang'ono kwa mano oima. Akatulukira kutsogolo adzakuchekani pakhosi. Pa makina a kasefa, yang'anani kasefako padzuwa, kasakhale ndi pobooka kapena popindika.

Ine ndinagulapo makina olembedwa dzina la kampani yotchuka pamtengo umene unandikoma kwambiri. Ndinawagwiritsa ntchito milungu itatu, batire n'kufa, ndipo nditabwerera ndinapeza pamalopo pakugulitsidwa zikwama. Kuyambira pamenepo ndimakonda makina otchipa amene alemba dzina lawo lenileni kusiyana ndi onamizira dzina la eni. Wopanga amene sanabise dzina lake, mwina mutu wake mudzaupeza. Zizindikiro za feki ndi zodziwika: zilembo zolakwika pabokosi, dzina losindikizidwa mopendama, nambala ya pabokosi yosiyana ndi ya pamakina, ndi mtengo wotsika mosayenerera dzinalo.

Zina zolembedwa pabokosi musazilipirire. Kagalasi koonetsa manambala, mtundu wagolide, tizipeso khumi tomwe simudzagwiritsa ntchito, zonsezo sizimeta ndevu. Chimene chili ndi phindu ndi chizindikiro cha IPX7, kutanthauza kuti makinawo amapirira kumizidwa m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30, ndiye mungawatsuke pampopi popanda mantha. Komabe ngati kwanu madzi ndi a kumjigo ndipo ndowa iliyonse imawerengedwa, kaburashi kamakwanira. Kumeta kouma kosafuna madzi, sopo kapena thovu ndi chimodzi mwa zifukwa zogulira makinawa kuno.

Lipirani, kaya ndi madola, ndalama ya kuno ya ZiG kapena pafoni ndi EcoCash, koma tengani lisiti yolembedwa dzina la shopu, tsiku ndi nambala ya makinawo. Funsani masiku amene angakusinthireni akavuta, ndipo zilembedwe palisiti pomwepo. Lamulo loteteza ogula la 2019 lilipo, koma popanda kapepalako mulibe pogwira. Ijambuleni pafoni, chifukwa inki ya malisiti ambiri imafufutika pakapita miyezi yochepa.

Mukafika nawo kunyumba

Atchajeni mpaka adzaze musanayambe. Ngati muli ndi tiziphuphu kale, dikirani masiku angapo tiphwe kaye, apo ayi muziti makina ndi oipa pomwe mukumeta pabala. Metani nkhope ili youma, musanasambe, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala pamene thukuta limamatitsa makina pakhungu. Yambani ndi khosi chitsulo chisanatenthe. Musakanikize, ndipo musakoke khungu kuti ndevu ziime, chifukwa mukalisiya tsitsi lodulidwalo limabwerera mkati. Pakhosi tsatirani kumene ndevu zikulozera. Khungu limatenga milungu iwiri kapena itatu kuti lizolowere makina atsopano, ndipo pa nthawi imeneyi musasinthanitse ndi lezala.

Mukamaliza chotsani tsitsi ndi kaburashi, osagogoda kasefa pasinki chifukwa kamapindika. Pa makina a mano donthezani kadontho kamodzi kapena awiri a mafuta a makina osokera, yatsani pang'ono, pukutani otsala. Mafuta ophikira amamata, musawayese. Kamodzi pa sabata pukutani mano ndi sipiriti.

Kubwerekana ndiye nkhani yovuta m'nyumba zathu, momwe achimwene, alamu ndi anyamata a lendi amagawana bafa limodzi. Chipere chimayenda pa makina, ndipo pakakhala kachilonda matenda a m'magazi monga hepatitis B angathe kudutsa. Kukana m'bale n'kovuta, ndikudziwa, koma makina a pankhope akhale a munthu mmodzi. Ngati tiziphuphu sitikutha ngakhale mwasintha kametedwe, kapena tayamba kuuma n'kukhala timabampu tolimba pakhosi ndi kunkhongo, pitani kukiliniki ya khonsolo akakuoneni tisanasanduke zipsera zokhalitsa.

Mphwanga uja tinamugulira kamakina ka mano ka batire la Li-ion ndi potchajira pa USB-C, pamodzi ndi kabotolo ka mafuta. Amameta m'mawa uliwonse asanakwere kombi, amatchaja kamodzi pa sabata kuntchito, ndipo kwa ometa amapita pa tsitsi la m'mutu basi. Akuluakulu ake a ntchito sanadandaulepo za kachiputu kaja, ndipo madontho akuda a pakhosi ayamba kuzilala.