Mmene Mungalondolere Kusintha kwa Anthu ndi Ntchito M'mudzi wa Alimi ku India

Aliyense amene akufuna kudziwa mmene mudzi waung'ono wa alimi olankhula Chihindi wasinthira pa zaka makumi angapo ayenera kuyamba ndi kalembera wa boma la India, koma asathere pomwepo. Kalemberayu wakhala akuchitika zaka khumi zilizonse, ndipo amene anayenera kuchitika mu 2021 anachedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, choncho yambirani pa wa 2011 n'kumabwerera m'mbuyo. Boma lililonse (district) m'dzikomo lili ndi buku lake lotchedwa District Census Handbook, momwe mudzi uliwonse uli ndi mzere wake wosonyeza chiwerengero cha mabanja, amuna, akazi ndi odziwa kuwerenga. Pofufuza, tsimikizani dzina la boma ndi la tehsil, lomwe ndi gawo laling'ono la boma, chifukwa midzi yambiri imafanana mayina. Palanpur amene tikumugwiritsa ntchito pano monga chitsanzo ndi mudzi wa m'boma la Moradabad ku Uttar Pradesh, chigawo cha kumpoto kwa India, osati tauni ya dzina lomwelo ya ku Gujarat.

Mukapeza ziwerengero za anthu, ziyerekezeni ndi kukula kwa minda, popeza chiwerengero pachokha sichinena zambiri. Mudzi wa Palanpur unali ndi anthu 528 pamene akatswiri a ku yunivesite ya Delhi anachitako kafukufuku woyamba mu 1957-58. Pofika 1993 anthu anali 1,133, ndipo mu 2008-09 anali atapitirira 1,200. Malo olima sanakule ndi anthuwo, kotero gawo la munthu mmodzi linatsika kupitirira theka. Zolembedwa za minda, zotchedwa khasra ndi khatauni, zimasungidwa ndi mlembi wa boma wa za malo amene ku Uttar Pradesh amamutcha lekhpal. Chenjerani ndi muyezo wa bigha, chifukwa kukula kwake kumasiyana dera ndi dera, ndipo ndi bwino kuusinthira ku maekala musanayerekeze mudzi wina ndi unzake.

Funso lotsatira ndi lakuti anthu ochulukawo akudya chiyani pa malo omwewo. Lembani mbewu za nyengo zonse ziwiri: kharif, ya mvula, yomwe amalima mpunga, ndi rabi, yozizira, yomwe amalima tirigu. Ku Palanpur, pamene akatswiri a zachuma Christopher Bliss ndi Nicholas Stern anakakhala m'mudzimo mu 1974-75, anapeza kuti mbewu zatsopano za tirigu, feteleza ndi ulimi wothirira zinali zitakweza zokolola kwambiri, ndipo m'kupita kwa zaka mapampu a dizilo analowa m'malo mwa magudumu otungira madzi okokedwa ndi ng'ombe. Funsaninso amene akulima munda uliwonse, osati mwini wake yekha, chifukwa pali batai, komwe mwini munda ndi wolima amagawana zokolola, ndiponso kubwereka munda polipiriratu ndalama. Mapangano oterewa kawirikawiri amakhala apakamwa ndipo sapezeka m'mabuku a boma.

Pa nkhani ya ntchito m'pamene kalembera amasocheretsa kwambiri, ndipo apa m'pofunika kufatsa. Iye amagawa ogwira ntchito m'magulu anayi: olima minda yawo, aganyu a m'minda, ochita ntchito zamanja pakhomo, ndi ena onse. Amasiyanitsanso amene anagwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo ndi amene sanafikitse. Vuto ndi lakuti munthu mmodzi amatha kulima tirigu, kukaumba njerwa ikatha ntchito ya kumunda, ndiponso kukwera sitima m'mamawa kukagwira ntchito ku tauni ya Moradabad kapena ya Chandausi n'kubwerera madzulo, monga amachitira ambiri a ku Palanpur, kumene njanji imadutsa pafupi ndi mudzi. Munthu wotere m'buku amalembedwa kamodzi. Choncho pitani khomo ndi khomo, mufunse za munthu aliyense mwezi ndi mwezi, ndipo muwerengere ndalama zimene ntchito iliyonse imabweretsa. Mwa njira imeneyi ofufuza anaona kuti ndalama zochokera kunja kwa ulimi, zomwe zinali kagawo kochepa mu 1957-58, zinali zitayandikira theka la zopeza za mudzi wonse pofika 2008-09. Ntchito za amayi, monga kusamalira njati zamkaka ndi kupalira, zimaiwalika msanga ngati wofunsidwa ndi bambo yekha, kotero afunseni okha.

Musaphatikize mudzi wonse ngati anthu amodzi. Gawani zotsatira malinga ndi magulu obadwira: ku Palanpur a Thakur anali eni malo akale, a Murao ndi alimi odziwika ndi khama pa munda, pamene a Jatab anali osauka kwambiri ndipo ambiri ankadalira ganyu. Kukwera kwa chuma cha mudzi kungabise gulu limene latsalira.

Pomaliza, sungani mndandanda wa mabanja kuti wobwera pambuyo panu athe kuwalondola, n'kulemba banja limene lagawikana ana aamuna atakula, mwana wamkazi amene wakwatiwira kumudzi wina monga mwa mwambo wa kumeneko, ndi amene anasamukiratu. Jean Drèze ndi Naresh Sharma, amene anachita kafukufuku wa 1983-84, anatha kuyerekeza zopeza zawo ndi zakale chifukwa mabanja omwewo anali atalembedwa kale. Ngati zaka ziwiri zimene mukuyerekeza zinasiyana kagwedwe ka mvula, lembani zimenezo pambali pa ziwerengero, chifukwa 1974-75 chinali chaka cha zokolola zabwino pamene 1983-84 sizinayende bwino.